Masiku 15 Oteteza Mtsinje Wathu: Zoyenera Kudziwa Ntchito Yomanga Isanayambe

 M'kope lino tikambirana za madzi, ndipo tiyambira pa kapepala kamene ambiri timangokadutsa osakawerenga. Kapepalako kamamatidwa pakhoma la ofesi ya boma kapena kamatuluka m'nyuzipepala, ndipo nthawi zina kamawerengedwa pawailesi pakati pa mauthenga a maliro ndi a malonda. Kamakhala m'Chipwitikizi, ndipo pamwamba pake pamakhala mawu akuti consulta pública. Tanthauzo lake ndi ili: pali kampani kapena nthambi ya boma imene ikufuna kumanga chinthu chachikulu m'dera lanu, ndipo lamulo likuikakamiza kumva maganizo anu isanapatsidwe chilolezo.

Mapepala a chilolezocho ndi amene amanena kumene kampani idzatunge madzi, kumene idzataye madzi oipa, ndi zimene idzachite kuti chitsime chanu chisaonongeke. Ngati chitsime chanucho sichinalembedwemo, kudzakhala kovuta kuchimenyera nkhondo mawa.

Dera lathu laona ntchito zambiri zomanga. Mgodi wa malasha wa ku Moatize unayamba kutulutsa malasha mu 2011, wa ku Benga mu 2012. Mlatho wa Kassuende pa Zambezi unatsegulidwa mu 2014. Kenaka kunabwera njanji yopita ku Nacala yodzera ku Malawi, ndiponso ntchito ya nthambo za magetsi zochokera ku Matambo kupita ku Phombeya. Kumtunda kwa mzinda wa Tete kulinso ndondomeko yomanga damu la Mphanda Nkuwa. Ntchito zotere zimabweretsa misewu, magetsi ndi mwayi wa ntchito. Koma palibe ntchito yaikulu yomanga imene simakhudza madzi.

KODI NTCHITO YOMANGA IMAONONGA BWANJI MADZI?

1. Matope. Mathirakitala akagumula nthaka ndi kuzula mitengo, mvula yoyamba imakokolola dothi lonselo kulowa mumtsinje. Madzi a matope amabisa tizilombo toyambitsa matenda, ndipo mankhwala a kolorini sagwira bwino ntchito m'madzi otere. Matope amakwiriranso maiwe a nsomba ndi zitsime za mumchenga.

2. Dizilo ndi oyilo. Zimenezi zimadontha pamene amakonzera magalimoto ndi pamene amasungira mafuta. Madalaivala ena amatsuka magalimoto awo mumtsinje weniweni.

3. Madzi otsukira simenti. Simenti yaiwisi imaotcha khungu ndipo imapha nsomba.

4. Zimbudzi za pamsasa wa antchito. Anthu ambiri akakhala malo amodzi popanda zimbudzi zokwanira, chonyansa chimathera m'madzi. Apa ndi pamene pamayambira kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba.

5. Maenje osiyidwa osakwirira. Pamene anakumba dothi, miyala kapena mchenga pamadikha madzi. Mmenemo mumaswana udzudzu wa malungo ndi nkhono zofalitsa likodzo. Ana amakonda kusambiramo, ndipo ena amamira.

6. Milu ya miyala ya kumgodi. Miyala ina yotuluka pamodzi ndi malasha ikakumana ndi mpweya ndi mvula imatulutsa madzi a asidi. Madzi amenewa amasungunula zitsulo zosaoneka ndi maso ndi kupita nazo kumtsinje kapena pansi pa nthaka.

Nthawi ya dzinja vutoli limakula. Tonse tikukumbukira mmene mtsinje wa Revúboè unasefukira mu Januwale 2022 pa nthawi ya namondwe Ana. Madzi osefukira sasankha. Amanyamula chilichonse chimene chasiyidwa m'mphepete mwa mtsinje, kaya ndi mgolo wa oyilo kaya ndi za m'chimbudzi.

KUWIRITSA MADZI SIKUCHOTSA ZONSE

A zaumoyo amatilangiza nthawi zonse kuwiritsa madzi akumwa mpaka atabwadamuka, kapena kuthiramo Certeza, kapena WaterGuard kwa amene mumagula ku Mwanza, ndi kudikira mphindi 30 tisanamwe. Malangizo amenewa ndi oona ndipo tisawasiye. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 ku Malawi, ndipo chigawo chathu cha Tete sichinatsale.

Koma dziwani ichi: moto ndi kolorini zimapha tizilombo tokha. Sizichotsa dizilo, sizichotsa asidi, sizichotsa zitsulo zosungunuka m'madzi. Madzi oonongeka ndi zimenezi mayi sangawakonze pakhomo ngakhale atatha mtolo wa nkhuni. Njira yokhayo ndi kuletsa zoipazo zisanalowe m'madzi. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. N'chifukwa chake msonkhano wochitika ntchito isanayambe uli nkhani ya zaumoyo, chimodzimodzi katemera.

KODI MALAMULO AKUTI CHIYANI?

Malamulo aakulu a dziko la Mozambique amati nzika iliyonse ili ndi ufulu wokhala pamalo a chilengedwe chabwino, ndiponso ili ndi udindo wochiteteza. Pofuna kuti mawuwa agwire ntchito, womanga chinthu chachikulu amafunika zilolezo ziwiri zokhudza madzi.

Choyamba ndi chilolezo cha zachilengedwe, m'Chipwitikizi licença ambiental. Chimachokera pa lamulo la zachilengedwe la nambala 20/97, ndipo ndondomeko yake ili mu Decreto 54/2015. Chilolezochi chimayenera kupezeka ntchito yomanga isanayambe. Kuti achipeze, mwini ntchito amalemba akatswiri kuti achite kafukufuku wa mmene ntchitoyo idzakhudzire madzi, nthaka, mpweya ndi anthu, ndi kulemba njira zochepetsera mavutowo.

Chachiwiri ndi chilolezo cha madzi. Lamulo la madzi la nambala 16/91 limati madzi a m'mitsinje ndi a pansi pa nthaka ndi a dziko. Munthu wa kumudzi amatunga madzi akumwa, ophikira, ochapira, omwetsa ziweto ndi othirira dimba laling'ono mwaulere, popanda chilolezo. Koma kampani yofuna kupopa madzi ambiri, kapena kutaya madzi oipa mumtsinje, iyenera kupempha chilolezo ku ofesi yoyang'anira madzi. Kuno kwathu ofesiyi ndi ARA-Centro, imene kale tinkaidziwa kuti ARA-Zambeze. Lamulo lomwelo limaika madzi akumwa a anthu patsogolo pa ntchito zina, ndipo limati woononga madzi ayenera kuwakonza ndi ndalama zake.

Ntchito zimagawidwa m'magulu anayi malinga ndi kukula kwa chiopsezo chake: A+, A, B ndi C. Migodi ikuluikulu, madamu akuluakulu, njanji ndi ntchito zosamutsa anthu zimalowa m'magulu apamwamba. Pa ntchito za m'magulu A+, A ndi B, kufunsa anthu ndi lamulo, si chifundo cha kampani ayi. Ntchito zing'onozing'ono za gulu C sizikakamizidwa kuchititsa msonkhano, koma nazonso siziloledwa kutaya zoipa mumtsinje.

CHIDZIWITSO CHA MASIKU 15

Mfundo zofunika kuzisunga pamtima ndi izi:

• Chidziwitso cha msonkhano chiyenera kulengezedwa kukadali masiku 15 tsiku la msonkhanolo lisanafike. Uthenga wofika madzulo wakuti mawa m'mawa kuli msonkhano sukukwaniritsa lamulo.

• Chidziwitsocho chiyenera kudzera m'njira zoti anthu okhudzidwa achimve. Nthawi zambiri makampani amagwiritsa ntchito nyuzipepala, wailesi ndi makalata opita kwa akuluakulu a boma ndi mafumu. Nyuzipepala yokha sikwanira pamudzi pamene sifika n'komwe.

• Pa ntchito zikuluzikulu pamayenera kukhala misonkhano maulendo osachepera awiri. Ulendo woyamba ndi wa pachiyambi, pamene akatswiri akusankha zinthu zoti afufuze. Wachiwiri ndi wodzafotokoza zimene apeza, lipoti lisanapite ku boma.

• Malipoti a kafukufuku ayenera kuikidwa poyera kuti aliyense awaone. Pamakhalanso chidule chake cholembedwa mosavuta, chotchedwa resumo não técnico. Chifunseni.

• Munthu aliyense wokhudzidwa ali ndi ufulu wofika ndi kulankhula: mayi, bambo, wachinyamata, wodziwa kulemba ndi wosadziwa. Msonkhanowu si wa atsogoleri okha.

• Zimene anthu anena ziyenera kulembedwa mu lipoti la msonkhano, ndipo lipotilo limapita ku boma pamodzi ndi kafukufuku.

• Anthu osachepera 50 atha kusainira kalata yopempha boma kuti lichititse msonkhano wapadera womvera madandaulo awo, wotchedwa audiência pública.

• Ngati ntchitoyo isamutsa anthu, Decreto 31/2012 imafuna misonkhano yosachepera inayi.

Ulendo woyamba uja ndi umene ambiri timaupeputsa, chifukwa timaona kuti kulibe thirakitala, kulibe fumbi, zonse zikadali zongokamba. Koma ndi pa ulendo umenewo pamene pamasankhidwa zoti zifufuzidwe. Kasupe amene palibe wamutchula, katswiri wochokera ku Maputo sangamulote.

PHUNZIRO LA KU CAPANGA

Nkhani iyi si yachilendo kwa anthu a ku Benga. Mgodi usanatsegulidwe, anthu a ku Capanga ankakhala m'mphepete mwa Revúboè. Mtsinjewo unkawapatsa madzi chaka chonse, madimba, nsomba, ndi mchenga wogulitsa. Mabanja mazanamazana anasamutsidwira ku Mualadzi, kutali ndi mtsinje. Mu 2013 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lofotokoza za moyo wa anthu osamutsidwa m'chigawo cha Tete. Linapeza kuti ku Mualadzi madzi ankavuta, ndipo nthawi zina anthu ankadikira madzi obwera pagalimoto. Nawo anthu amene anasamutsidwira ku Cateme chifukwa cha mgodi wa Moatize anatseka njanji mu Januwale 2012 posonyeza kusakondwa ndi mmene zinthu zinalili. Malamulo a kasamutsidwe ka anthu a Decreto 31/2012 anatuluka mu Ogasiti chaka chomwecho.

Phunziro loyamba ndi lakuti funso la madzi liyenera kufunsidwa poyambirira, nyumba ndi malata zisanatikope maso.

Phunziro lachiwiri ndi la eni ake a ntchito. Mgodi wa Benga unayambidwa ndi kampani ya Riversdale ya ku Australia. Mu 2011 unapita m'manja mwa Rio Tinto, ndipo mu 2014 unagulitsidwa kwa ICVL ya ku India. Wa ku Moatize unali wa Vale ya ku Brazil mpaka mu 2022 pamene unagulidwa ndi Vulcan. Taonani: eni ake amasintha, mabwana amasintha, koma mtsinje ndi anthu ake amakhala pomwepo. Amene anakulonjezani pakamwa pansi pa mtengo akhoza kukhala atabwerera kwawo kalekale. Chimene chimatsala ndi chimene chinalembedwa.

ZOCHITA M'MASIKU 15 AMENEWO

1. Falitsani uthenga. Wamva pawailesi auze a mfumu, a nyakwawa, a komiti ya mjigo, a kutchalitchi ndi a kumzikiti, aphunzitsi ndi a zaumoyo a m'mudzi.

2. Tumizani anthu awiri kapena atatu kukatenga chidule cha lipoti ku ofesi imene yatchulidwa m'chidziwitso. Aphunzitsi kapena ana a sekondale akuwerengereni ndi kumasulira.

3. Yendani m'mudzi ndi kulemba malo onse a madzi: mijigo, zitsime, akasupe, madooko ochapira ndi osambira, pomwera ng'ombe ndi mbuzi, madimba, ndi maiwe owedzamo nsomba. Lembani mabanja angati amadalira malo alionse, ndiponso ngati amauma m'chilimwe kapena ayi. Jambulani mapu papepala, ngakhale ndi pensulo.

4. Funsani amayi ndi atsikana. Iwo ndi amene amadziwa chitsime chimene chimatsala ndi madzi mu Okutobala, ndi chimene madzi ake ndi a mchere.

5. Amene ali ndi foni ya kamera ajambule mmene madzi akuonekera lero, ntchito isanayambe. Zithunzizo zidzakhala umboni.

6. Kumanani panokha musanakumane ndi alendo. Gwirizanani mafunso, ndipo sankhani olankhula, amayi akhalepo. Mutu umodzi susenza denga.

MAFUNSO OFUNSA PAMSONKHANO

Poyamba pemphani kuti zonse zimasuliridwe m'Chinyungwe kapena m'Chichewa. Musachite manyazi kunena kuti simunamve. Safunsa anadya phula. Kenaka funsani:

• Kodi madzi a ntchitoyi mudzatunga pati, ndipo ochuluka bwanji patsiku? M'chilimwe mudzatisiyira chiyani?

• Kodi madzi oipa mudzataya pati? Ndi kumtunda kapena kumunsi kwa dooko lathu? Mudzayamba mwawayeretsa motani?

• Kodi chilolezo cha ARA-Centro muli nacho, kapena mwapempha kale?

• Kodi msasa wa antchito udzakhala pati, wa anthu angati, ndi zimbudzi zingati? A zaumoyo amati chimbudzi chitalikire mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime, ndipo chikhale kumunsi kwake.

• Kodi magalimoto adzatsukidwa kuti? Oyilo wakutha adzapita kuti?

• Kodi maenje adzakwiriridwa liti, ndipo ndani adzaonetsetsa?

• Kodi madzi a m'zitsime zathu mwawayeza? Mudzayezanso kangati pachaka? Zotsatira zake tidzaziona kuti?

• Madzi akaonongeka, tidzauza ndani, ndipo madzi ena akumwa adzafika pasanathe masiku angati?

Pomaliza pemphani kuti zimene zalembedwa ziwerengedwe mokweza anthu asanabalalike. Perekani mapu anu aja, ndipo pepala lina longa lomwelo litsale kwa a mfumu. Musanasaine kapena kudinda chala papepala lililonse, funsani kuti ndi la chiyani. Pepala losonyeza kuti munafika pamsonkhano ndi losiyana ndi pepala lonena kuti mwavomereza. Zakumwa ndi chakudya chimene chingagawidwe pamsonkhano si malipiro a mawu anu.

NANGA NGATI NTCHITO YAYAMBA KALE?

Mwina mwangoona mathirakitala afika, chidziwitso simunachimve. Musataye mtima, ndiponso musaononge katundu wa kampani, chifukwa mlandu ungatembenukire inu. Lamulo la ufulu wodziwa zinthu la nambala 34/2014 limalola nzika iliyonse kupempha ofesi ya boma kuti imuonetse mapepala okhudza anthu, ndipo ofesiyo iyenera kuyankha pasanathe masiku 21. Mutha kufunsa ngati ntchitoyo ili ndi chilolezo cha zachilengedwe, ili m'gulu liti, ndipo msonkhano unachitikira kuti.

Yambani ndi mfumu ndi mkulu wa localidade, kenaka ku posto, mpaka ku ofesi ya SDPI ya boma la Moatize, imene imaona za zomangamanga ndi madzi. Ku Tete kuli ofesi ya zachilengedwe ya chigawo, bungwe la AQUA loyendera ndi kulanga oononga chilengedwe, ndi ARA-Centro. Dandaulo lolembedwa, lokhala ndi tsiku, malo ndi maina a osaina, limayenda msanga kuposa la pakamwa. Pemphani kuti adinde chidindo pa pepala lanu lotsala.

Zizindikiro zoti madzi aonongeka ndi izi: mafuta oyandama onyezimira, fungo la dizilo, mtundu wachilendo monga wa dzimbiri kapena wakuda, nsomba zakufa, ziweto kukana kumwa, kapena anthu ambiri a dooko limodzi kuyamba zidzolo kapena kutsegula m'mimba nthawi imodzi. Mukaona zimenezi lekani kumwa madziwo, tungani kwina, ndipo dziwitsani a kuchipatala tsiku lomwelo. Wotsegula m'mimba mupatseni madzi a mchere ndi shuga a m'mapaketi a kuchipatala pafupipafupi, ndipo mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Ngati akutsegula madzi okhaokha, akusanza, kapena maso alowa m'kati, thamangirani naye kuchipatala osadikira kuche.

KWA ABALE A KUMALIRE

Inu a ku Zóbuè mukudziwa kuti mtsinje sufunsidwa chiphaso pachipata. Ena mumalima mbali ino n'kumatunga madzi mbali inayo. Ku Malawi nakonso kuli malamulo ofanana ndi amenewa: lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kafukufuku ntchito yaikulu isanayambe, ndipo bungwe loyang'anira ndi MEPA. Maiko awiriwa ali m'gulu la maiko asanu ndi atatu a m'chigwa cha Zambezi amene anagwirizana kusamalira madziwa pamodzi kudzera mu bungwe la ZAMCOM, pa pangano la mu 2004. Choncho mukamva za msonkhano mbali ino, auzeni abale a tsidya linalo amene amamwa mtsinje womwewo. Nawonso akamva za kwawo, akuuzeni. Mafumu a mbali zonse ziwiri amadziwana, ndipo dandaulo lodzera kwa iwo limafika ku maofesi a maiko onse awiri.

KUMBUKIRANI

Masiku 15 si ambiri. Mlimi amene ali pakati pa kupalira akhoza kuona ngati kupita kumsonkhano ndi kutaya nthawi. Koma tsiku limodzi limenelo likhoza kunena za madzi amene ana athu adzamwe kwa zaka zambiri. Mukamva mawu akuti consulta pública pawailesi, kwezani mawu a wailesiyo, lembani tsiku ndi malo, ndipo uzani anzanu. Kopeli musalikulungire nsomba kapena kuyatsira moto. Lisungeni kwa a komiti ya mjigo kuti tsiku la msonkhano mudzapite nalo.